Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Fupa Logwira Mano

M'gawo lapita ndinakusiyani ndikutsika basi pa Kamuzu Road, nkhope ili yotupa chifukwa cha opaleshoni ya nsagwada, amayi atandigwira padzanja. Kutupa kutaphwa, anthu kuno ku Salima anaona kuti nsagwada yanga yam'mwamba, yomwe inali yolowa m'kati chibadwire, yakhala pamalo pake. Onse anangoti mwana wachira. Adokotala okha ndi amene sanafulumire kutero, chifukwa nkhawa yawo inali pa fupa logwira mano.

Opaleshoni yangayi amaitchula kuti Le Fort I, potengera dzina la René Le Fort, dokotala wa ku France amene mu 1901 anafotokoza mizere yomwe mafupa a kumaso amathyokera. Amadula fupa chopingasa pamwamba pa mano, kusiya mpata wa mamilimita pafupifupi 5 kuti asavulaze nsonga za mizu, kenako amalisunthira kutsogolo n'kulimanga ndi tizitsulo ta titanium. Ine anandidulanso pakati pa mano awiri kuti nsagwada itambasuke. Fupa likadulidwa chonchi, magazi ake ambiri amadzera m'mnofu wa kumwamba kwa m'kamwa ndi m'nkhama. N'chifukwa chake masiku oyambirira ankangonditukula mlomo kuti aone ngati nkhama sizikuda.

Masabata 6 oyamba anali a phala, thobwa, nthochi zokanya ndi msuzi wa chambo. Amayi ankachita kusefa msuziwo kuopa minga, n'kumati, "Imwa pang'onopang'ono mwanawe, za nzimbe ndi chimanga chootcha uiwale kaye."

Chimene chinandivuta kwambiri ndi dzanzi. Mlomo wam'mwamba, nkhama ndi mano akutsogolo zonse sizinkamva kanthu, moti chakudya chikakanirira m'mawaya okoka mano omwe ndinavala sindinkadziwa. Ndinkatsuka nditayang'ana pagalasi, ndi mswachi wofewa wa ana, kenako n'kuchukucha madzi ofunda amchere.

Patapita miyezi, tinajambula X-ray. Adokotala anailoza ndi cholembera: kumtunda konse fupa linali litalumikizana bwino, koma pakati pa mano awiri aja linali litatsika pang'ono. Pagalasi pamaoneka kampata kakuda pomwe kale panali nkhama. Anandiuza kuti dzino lili ngati nsichi, dothi likakokoloka m'munsi imayamba kugwedezeka ngakhale mtengowo uli wabwinobwino. Malo odulidwa pakati pa mano ndi amene amakhala pachiopsezo, chifukwa fupa lake n'lopyapyala. Mawaya okoka mano, omwe munthu amavala opaleshoni isanachitike komanso itatha, amawonjezera katundu pafupa lomwelo. Litsiro likaunjikana nkhama n'kutupa, fupa limapitiriza kudyeka, ndipo lomwe lapita silibwerera lokha.

Mawu amenewa anandilowa mumtima. Ndinafunsa ngati manowo adzaguluke. Iwo anawagwedeza limodzi ndi limodzi n'kunena kuti ngolimba, bola ndiziwasamala, ndipo dzino lililonse likayamba kuda ndibwere msanga, chifukwa ndi chizindikiro choti mtsempha wake mwina wafa. Anandiletsanso fodya, poti amachepetsa magazi opita m'nkhama.

Kuyambira pamenepo ndimadutsitsa kaburashi kakang'ono pampata uja usiku uliwonse, ngakhale magetsi atazima, ndikuunikira ndi foni. X-ray yotsatira inaonetsa kuti fupa laima pomwepo, silinatsikenso. Apa m'pamene adokotala anavomera kuti tikambirane zochotsa mawaya, nkhani yomwe ndidzakufotokozereni m'gawo lotsatira.