Mafilimu akale a ku America: kowapeza, kuwaonetsa ndi misampha yake

Mphunzitsi wa mbiri kuno ku Mangochi amene ali ndi foni, fulashi ndi bandulo ya usiku atha kuonetsa ana ake zochitika zenizeni za ku America popanda kulipira kanthu kena. Nkhokwe zazikulu ndi zitatu: Library of Congress, imene imasunga mafilimu oyambirira a m'ma 1890, National Archives, kumene kuli mafilimu a boma, ndi Internet Archive, kumene mumatsitsa fayilo yonse n'kukhala nayo. Yambani ndi Universal Newsreel, timafilimu ta nkhani timene ankationetsa m'nyumba za kanema kuyambira 1929 mpaka 1967. Kampani imene inkatipanga inatipereka ku boma, ndiye palibe angakuzengeni mlandu mukationetsa m'kalasi. Tambiri takale mudzatipeza tilibe mawu a wofotokoza. Mawuwo anatayika kalekale, musavutitse sipika.

Msampha woyamba ndi nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Filimu yake kulibe, chifukwa kamera ya kanema inabwera patapita zaka pafupifupi 30. Mukaona asilikali a Pulezidenti Abraham Lincoln akuthamanga ndi mfuti pa YouTube, dziwani kuti ndi sewero, ngakhale chithunzi chikhale chakuda ndi choyera komanso chokandikakandika. Zenizeni zimene zilipo ndi zithunzi zosayenda, komanso filimu ya 1938 ya madala amene anamenya nkhondoyo akupatsana moni wa m'manja ku Gettysburg, malo amene anamenyanapo pa nkhondoyo. Nkhondo ya America ndi Spain ya 1898 ili ndi mafilimu, koma ena mwa iwo kampani ya Edison inachita kuwaseweretsa ku New Jersey, kutali ndi kumene zipolopolo zinkalira. Werengani mawu amene Library of Congress inalemba pansi pa filimu iliyonse musanaikhulupirire.

Kenako pali liwiro. Mafilimu opanda mawu ankajambulidwa pa zithunzi 16 kapena 18 pa sekondi, pamene makina a pambuyo pake amathamangitsa 24. N'chifukwa chake anthu akale amaoneka akuyenda mothamanga modabwitsa, ana n'kufa nazo kuseka maliro a pulezidenti akudutsa. Mu VLC, pulogalamu yoonetsera mafilimu, tsitsani liwiro lifike pa 0.75, kapena 0.67 ngati akadali achangu, muona akuyenda ngati anthu.

Pamene pafunika kuchedwapo ndi pa funso lakuti filimuyi anailipira ndani. Akuluakulu amene anaonako kanema wa Central African Film Unit m'nthawi ya Chitaganya akudziwa kuti boma likakubweretsera kanema waulere limakhala ndi chimene likufuna umve. Ku America n'chimodzimodzi. Why We Fight, mafilimu 7 amene Frank Capra anatsogolera pakati pa 1942 ndi 1945, anapangidwa ndi ndalama za asilikali kuti anyamata olowa usilikali aone chifukwa chomenyera nkhondo. Zina mwa zithunzi zake anazidula m'mafilimu a adani awo a ku Germany n'kuziikira mawu ena. Ndi aluso kwambiri, ndipo amaonetsa bwino zimene boma linkafuna anthu ake akhulupirire. Kuwatenga ngati mbiri yonse ya nkhondoyo ndiye kulakwitsa.

Chitsanzo chimene chikutikhudza ife ndi The March, filimu ya 1964 ya James Blue yonena za ulendo wa ku Washington wa pa 28 Ogasiti 1963, pamene anthu pafupifupi 250,000 anasonkhana kudzamva Martin Luther King Jr. ndi anzake. Anaipangitsa ndi a United States Information Agency, nthambi ya boma yofalitsa mbiri yabwino ya America kunja, ndipo pa nthawiyo mafilimu a nthambiyi sankaonetsedwa kwa anthu a m'dzikomo. Omvera ake anali anthu ngati ife, m'chaka chomwe Malawi analandira ufulu, America ndi Soviet Union akulimbirana mitima ya mayiko atsopano a mu Africa. Ndiye muona khamu laulemu, azungu ndi akuda atagwirana manja. Agalu a apolisi amene analuma ochita zionetsero ku Birmingham mu Meyi chaka chomwecho cha 1963 muwapeza m'mafilimu a atolankhani. Onetsani zonse ziwiri tsiku limodzi. Dziwaninso kuti m'makope ena mawu a King anafufutidwa pa nkhani ya umwini wa zolankhula zake, moti mumangoona pakamwa pakuyenda.

Filimu imaonetsa mphindi zochepa za kumene kamera inaloza. Ya ku Selma ya pa 7 Marichi 1965 imaonetsa apolisi akukwapula anthu pafupifupi 600 pa mlatho wa Edmund Pettus, John Lewis, mmodzi wa atsogoleri a ulendo wofuna ufulu wovota, ali kutsogolo. Siinena za mayeso owerenga amene akalembera ankatchingira nawo anthu akuda kuti asavote, kapena mmene zithunzizo zinakankhira lamulo loteteza ufulu wovota la Voting Rights Act limene Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina pa 6 Ogasiti 1965. Apa ndi pamene akatswiri a mbiri amalowera. Wailesi ya kanema ya C-SPAN ili ndi American History TV, kumene amaonetsa filimu yakale katswiri akuimasulira, komanso maphunziro ojambulidwa m'makalasi a m'mayunivesite. Yunivesite ya Yale inatulutsa mwaulere maphunziro 27 a David Blight onena za 1845 mpaka 1877, ndipo a Eric Foner a ku yunivesite ya Columbia aliponso. Chingerezi chawo n'chothamanga; mawu amene makina amalemba pansi pa kanema amathandiza, koma amaphonya mayina, ndiye mayinawo alembeni pa bolodi.

Dongosolo limene limagwira ndi ili: onetsani filimu kaye mutazimitsa mawu, ana anene zimene aona, amene ali pafupi ndi kamera ndi amene sakuoneka. Mukatero mvetserani katswiri, mphindi 10 zakwana, n'kubwereza filimu ija ndi mawu ake.

Pa bandulo musawononge. Phunziro la mphindi 50 pa 360p (chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni) limadya mamegabaiti pafupifupi 200, koma katswiri ataima pa gome safunika kumuona, ndipo mawu okha safika 50. Sungirani mafilimu akalewo, amene amafuna 480p kapena kuposa kuti zikwangwani za anthu ziwerengeke. Tsitsirani pasadakhale, netiweki ya ku Makanjira kapena Namwera musaidalire pa ola la phunziro. Pulojekita m'kutentha kwa Okutobala imazima yokha fumbi likatseka potulukira mphepo. Ipukuteni, isiyireni mpata kumbuyo, ndipo mazenera tchingani ndi zitenje zakuda.

Kwa ana amene aphunzira kale za John Chilembwe, maphunziro omaliza a Blight ndi polowera pabwino. Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerako mu 1900. Anafika patangotha chaka khoti lalikulu litavomereza tsankho pa mlandu wa Plessy v. Ferguson mu 1896, ndipo maphunzirowo amafotokoza mmene ufulu umene akapolo omasulidwa anapatsidwa nkhondo itatha unayambira kulandidwa m'zigawo za kum'mwera.