Mbewu ya bowa pa khonde la agogo ku Linthipe

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lachisanu m'mawa, chakumapeto kwa mwezi wa Okutobala, nditafungata kabokosi kosungiramo zinthu zozizira pamiyendo panga. M'kabokosimo munali mbale zisanu ndi imodzi za mtundu wa Petri, zija zing'onozing'ono zoonekera m'kati zimene timaleramo tizamoyo mu labotale, zomatidwa bwino m'mphepete, ndipo m'mbale iliyonse munali ulusi woyera wa bowa wa oyster umene ndinakhala ndikuulera kwa masabata awiri mu labotale imene ndimagwirako ntchito. Msuweni wanga ali m'gulu la amayi khumi ndi awiri amene amalima bowa m'chisakasa cha udzu kufupi ndi Bembeke, ndipo dandaulo lawo la masiku onse ndi lakuti mbewu imene amaitanitsa kuchokera mumzinda ndi yokwera mtengo, komanso imafika itafooka ndi ulendo, moti ena mwa matumba amene amabzalamo bowayo sabereka n'komwe. Tinapangana kuti ndipite kukawaonetsa mmene angachulukitsire mbewuyo okha.

Pa minibasi ndinalipira K9,000, ndipo kondakitala anafuna kuti kabokosi kanga kaikidwe kuseri kwa dalaivala, pamalo pamene kutentha kwa injini kumawotcha ngakhale mapazi a munthu wovala nsapato. Nditakana, anandilipiritsa K2,000 ina ponena kuti ndi ndalama ya katundu, chonsecho katunduyo anali pamiyendo panga ndipo sanalande malo a munthu aliyense. Mchitidwe umenewu umandiwawa chifukwa okwera ambiri amene amabetsedwa motere ndi amayi onyamula kadengu kamodzi ka malonda, amene phindu lawo la tsiku lonse silifika pa ndalama imeneyo.

Titangowoloka mlatho wina wa mtsinje wa Linthipe, injini inayamba kufuka nthunzi, ndipo galimoto inakhotera m'mbali mwa msewu n'kuzima. Lamba wa injini anali ataduka. Dalaivala anakwera kabaza wa njinga yamoto kuti akafune wina, atatiuza kuti abwera posachedwa, koma tinakhala pamalopo maola anayi. Nthawi inali ikuyandikira 12 koloko masana, ndipo aliyense amene amaganiza kuti Dedza yonse ndi yozizira sanaimepo pa Linthipe m'mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo.

Ndinali nditaika kachipangizo koyezera kutentha m'kabokosimo pamodzi ndi mabotolo awiri a madzi ozizira okulungidwa m'nsalu. Titaima chinkaonetsa madigiri 29, ndipo pasanathe ola chinafika pa 32. Ulusi wa bowa wa oyster umakula bwino pakati pa madigiri 24 ndi 28. Kutentha kukapitirira 35 umafooka, ndipo kukafika cha m'ma 40 umatha kufa, pamene mabakiteriya ndi chuku china amasangalala ndi kutentha komweko. Ndinathawira pansi pa mtengo wa mango umene mthunzi wake unali utadzaza kale ndi anthu, ndipo ndinkangotsegula ndi kutseka kabokosiko, ngakhale ndinkadziwa kuti kutero kukulowetsa mpweya wotentha.

Pafupi ndi mtengowo panali agogo ena aakazi amene ankagulitsa tomato ndi thobwa. Atandiyang'ana kwa nthawi ndithu anandiitana ndi dzanja n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, m'kabokosimo muli mankhwala a wodwala?" Nditawauza kuti muli mbewu ya bowa, anaseka n'kunena kuti, "Bowa ali ndi mbewu? Ife timadziwa kuti bowa amamera yekha mvula ikagwa." Ndinatulutsa mbale imodzi n'kuwaonetsa osaitsegula. Anaiyandikitsa kumaso, anaitembenuza, ndipo anayang'anitsitsa ulusi umene unayambira pakati n'kufalikira mozungulira mpaka kutsala pang'ono kukhudza m'mphepete, woyera ngati thonje longothyoledwa kumene. Kenako anati, "Ichi ndi chuku." Ndinawauza kuti sanaphonye kwenikweni, chifukwa bowa ndi chuku ndi pachibale, ndipo chimene ife timadya ndi chipatso chabe cha ulusi umene umakhala wobisika m'nthaka kapena m'mitengo yowola.

Nditawafotokozera kuti kutentha kupha mbewuyo, sanafunsenso zambiri. Anasiya malonda m'manja mwa mdzukulu wawo n'kundiuza kuti ndiwatsatire. Nyumba yawo inali kuseri kwa mzere wa nthochi, ndipo pa khonde, kumbali imene dzuwa silifika, panali mtsuko waukulu wa madzi akumwa wokhazikidwa pa mchenga wonyowa. Anatenga chiguduli, anachiviika m'ndowa, anachifinya pang'ono, n'kukulunga nacho kabokosi kanga, ndipo anakaika pafupi ndi mtsukowo pamene mphepo imadutsa. Anandiuza kuti ndisiye chivindikiro chili chotsegula pang'ono pansi pa chigudulicho. Madzi akamauma pa nsalu kapena pa dothi la mtsuko amachoka ndi kutentha, ndipo m'nyengo youma ngati imeneyi amauma msanga. Patatha ola limodzi kachipangizo kanga kankaonetsa madigiri 25. Mdzukulu wina wamng'ono anapatsidwa ntchito yowaza madzi pa chigudulicho chikayamba kuuma, ndipo anaigwira mosamala mpaka nthawi imene ndinanyamuka.

Tinakhala pa mphasa, ndipo agogowo anapempha kuti atsegule mbale imodzi kuti amve fungo lake. Ndinawapepesa n'kuwafotokozera kuti mumpweya umene timapuma muli tinjere ta chuku ndi mabakiteriya osaoneka ndi maso, ndipo kambale kakatsegulidwa pabwalo, chakudya chimene chili m'katimo chimalandira alendo onsewo, amene amakula msanga kuposa bowa. Ndinkayembekezera kuti aziona ngati nkhani ya anthu a sukulu, koma anagwedeza mutu movomereza. Anandiuza kuti iwo ali ndi mphika ndi mthiko wa thobwa zimene sagwiritsa ntchito pa china chilichonse, kuti mphikawo amautsuka n'kuuyanika padzuwa, ndiponso kuti salola mwana kupisamo chikho chimene wamwera, chifukwa thobwa lake limasasa tsiku lomwelo. Anawonjezera kuti ali mtsikana, kwawo kunali ng'ombe, ndipo amayi awo popanga chambiko ankasiya kotsalira pang'ono m'chipanda kuti mkaka watsopano ugwire msanga. Ntchito yanga yonse ya mu labotale imatsamira pa mfundo ziwiri zomwezo, kutsekereza tizamoyo tosafunika ndi kusamutsa tofunika kuchoka m'chakudya chakale kupita m'chatsopano, ndipo ndakhala ndikuvutika kuziphunzitsa kwa achinyamata amene ali ndi masatifiketi.

Chimene chinawadabwitsa kwambiri ndi chakudya chimene ulusiwo unkadya. Ndinawauza kuti ndi mbatatesi, yomweyi imene imadzaza m'matumba ndi m'ndowa pa Bembeke ndi pa Lizulu. Timaphika magalamu 200 a mbatatesi yosenda mu lita imodzi ya madzi, timasefa msuziwo, timathiramo magalamu 20 a shuga wa glucose ndi magalamu 15 a ufa wotchedwa agar, umene umachititsa kuti msuziwo ukazizira ulimbe. Ngakhale Robert Koch, dokotala wa ku Germany amene mu 1882 analengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu, poyamba ankalera mabakiteriya pa zidutswa za mbatatesi yophika. Atayesa kulimbitsa msuzi ndi gelatin, imene imachokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, anapeza kuti imasungunuka kukatentha, ndipo nzeru yogwiritsa ntchito agar inachokera kwa Fanny Hesse, mkazi wa mmodzi wa anthu amene ankagwira naye ntchito, amene ankaudziwa ufawo kuchokera kukhitchini. Mbale imene agogo anaigwira ili ndi dzina la Julius Petri, amene anayamba kukonza mbale za mtunduwu mu 1887. Vuto lathu kuno ndi lakuti agar amapangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja zikuluzikulu za mchere, ndipo timachita kuitanitsa kunja. Ndalama zakunja zikasowa, kabotolo kamodzi timatha kukadikira miyezi ingapo, pamene mbatatesi ikuwolera m'misika.

Funso lawo lomaliza linali lakuti ngati zili choncho, ndiwalerere utale. Ndinawauza kuti umenewo watikanika. Utale ndi bowa amene amalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, pa zinyalala zimene chiswecho chimatafuna n'kuziunjika, ndipo ngakhale ulusi wake umatha kumera m'mbale, kuubereketsa popanda eni akewo ndi kovuta kwambiri. Anati n'chifukwa chake utale umakoma kuposa bowa wa m'matumba, ndipo pamenepo sindinawatsutse.

Galimoto italira, ndinatulutsa ndalama kuti ndiwathokoze, koma anabweza dzanja langa n'kunena kuti madzi ndi mthunzi sagulitsa. Ndinagula tomato wa K3,000, ndipo anandiikira banyira wochuluka pafupifupi theka la amene ndinagula.

Pa Bembeke ndinafika dzuwa litalowa, mphepo yozizira ikuwomba ngati si tsiku lomwe lija. Amene akupita kumeneko asasiye juzi ngakhale m'nyengo yotentha.

Loweruka tinayamba ntchito m'mamawa. Msuweni wanga anali ataviika mapira usiku wonse monga ndinamuuzira, ndipo tinawawiritsa pang'ono kuti afewe osaphulika, tinawayanika pa nsalu yoyera mpaka kunja kwa njere kutauma, kenako tinawathira m'mabotolo agalasi osadzaza, n'kutseka pakamwa ndi thonje. Mayi wina anafunsa chifukwa chake gulu linawononga ndalama kugula poto wa pressure cooker pamene aliyense ali ndi mphika kunyumba kwake. Yankho lake ndi lakuti mabakiteriya ena amadzitsekera m'kachikopa kolimba kamene madzi owira sakapha, ndipo amafunika nthunzi yopanikizidwa ya madigiri 121. Kuwonjezera apo, Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamalo okwera chonchi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, choncho mphika wamba umaperewera kwambiri. Msuzi wa mbatatesi umafuna mphindi 15 kapena 20 m'poto ameneyu, koma mapira tinawapatsa ola limodzi ndi theka, ndipo makala a pa mbaula ziwiri zosinthanasinthana anatha thumba laling'ono lonse.

Mabotolo atazizira tinatseka mawindo ndi chitseko, tinawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, ndipo tinavundikira pa tebulo beseni lapulasitiki loonekera m'kati limene ndinaliboola mabowo awiri olowetsa manja. Tinapukuta zonse ndi sipiriti, tinawotcha kampeni pa lawi mpaka kufiira, ndipo aliyense anayesa kudula kachidutswa ka ulusi kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono n'kukaponya m'botolo mofulumira. Lamulo linali lakuti pa nthawi imeneyo munthu asalankhule. Mayi wina wachikulire, amene ndi telala, anagwira ntchitoyo mwaluso kuposa ena onse, ndipo dzanja lake silinanjenjemere ngakhale kamodzi. Mbale zonse zisanu ndi imodzi zinali zamoyo, ndipo tinabzala mabotolo 24 n'kusunga mbale ziwiri.

Ndili m'chipindamo ndinkaganiza kuti zimene tinkachitazo n'zofanana ndi zimene zimachitika m'mafakitale akuluakulu, kungoti kumeneko botolo limasanduka thanki yachitsulo yotalika kuposa nyumba. Yisiti ya buledi ndi ya mowa imaleredwa chomwecho, ndipo penicillin, amene anayambira pa chuku chimene chinagwera m'mbale ya Alexander Fleming ku London mu 1928, amapangidwanso motero. Chitsanzo chapafupi ndi alimi a ku Dedza ndi inokulanti imene amasakaniza ndi mbewu ya soya. M'kapaketi kameneko muli mabakiteriya amoyo amene amakakhala m'timaphundu ta mizu n'kumakoka nayitrojeni mumpweya. Pobwerera ndinaona mapaketi amenewa atayalidwa pa tebulo panja pa sitolo ina, dzuwa likuwawomba, ndipo mtima unandipweteka, chifukwa mlimi akagula paketi imeneyo adzanena kuti inokulanti ndi bodza, pamene anamugulitsa zinthu zakufa kale. Ndinalankhula ndi mnyamata wogulitsayo, ndipo anandiyankha kuti abwana ake ndi amene anamuuza kuti katundu azionekera kwa anthu odutsa. Wogula aliyense ayenera kufunsa kumene paketi inasungidwa ndi kuona tsiku limene idzathere mphamvu, ndipo akafika nayo kunyumba aisunge pamalo ozizira, ngakhale pafupi ndi mtsuko.

Patatha masiku 16 msuweni wanga ananditumizira zithunzi pa WhatsApp. Mabotolo 17 anali atayera kuyambira pansi mpaka pamwamba, asanu anali ndi mawanga obiriwira a chuku chotchedwa Trichoderma, ndipo awiri anali onyowa m'kati ndi onunkha mosasa, chizindikiro chakuti mapira ake sanaume mokwanira. Ndinamuuza kuti asanu ndi awiriwo asawatsegulire pafupi ndi chisakasa, koma awaphikenso m'poto uja asanataye zam'kati mwake kudzenje lakutali. Mabotolo abwinowo awasakaniza kale ndi mapesi odulidwa ndi ophikidwa pa nthunzi, ndipo matumba apachikidwa. Akuyembekezera kuthyola koyamba pakati pa mwezi wa Disembala, nthawi imene ana amayamba kuima m'mbali mwa msewu ndi mbale za bowa wa m'tchire. Amayiwo agwirizana kuti bowa woyamba kuthyoledwa asagulitsidwe yense, ndipo msuweni wanga wandifunsa kuti ndimulongosolere bwino mtengo wa mango uja ndi mzere wa nthochi, kuti akatsike pa Linthipe ndi dengu la agogo.