Nyemba 8 m'kapu

Loweruka lapitali ndinali ku Mtendere mu Lusaka kwa mlongo wanga, anandiimbira foni kuti achimwene bwerani mwana wanuyu wayamba kulira ndi masamu, mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia) akuyandikira ndipo tulo sakugona. Ndinampeza atakhala pa mkeka kuseri kwa kantemba, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ali mbwee, atangondiona anati amalume ine masamu si anga, mutu wanga sunapangidwire zimenezi. Mawu amenewa amandiwawa kwambiri, chifukwa mtsikana yemweyu ndi amene amagulitsa pa kantemba akaweruka kusukulu, munthu atenge sopo, kapamela ka ufa ndi mafuta ophikira apereke K100, iye chenji wabweza kale asanagwire n'komwe foni. Nanga mutu umenewo ndi wa ndani?

Ndinati ndionetse pamene wakakamira. Linali funso la probability, lija limabwerabwera: m'thumba muli mipira 5 yofiira ndi 3 yoyera, ukutulutsa iwiri umodzi umodzi osabwezera, mwayi woti yonse ikhale yofiira ndi wotani. Iye analemba 5/8 × 5/8 = 25/64 ndipo sanamvetse chifukwa chake aphunzitsi anamuchonga molakwa. Sindinamuuze yankho, ndinamutuma kukhitchini akatenge nyemba zofiira 5 ndi zoyera 3 aziike m'kapu. Ndinati tseka maso tulutsa imodzi, inatuluka yofiira, ndiye ndinati manje suzumira m'kapumo uwerenge zatsala zingati. Anawerenga, nati 7. Zofiira? 4. Anangoti duu kwa kamphindi kenako anati aaa amalume ndiye kuti yachiwiriyo ndi 4/7. Basi, 5/8 × 4/7 = 20/56, ukachepetsa ndi 5/14. Yankho lake la 25/64 likanakhala lolondola nyemba yoyambayo ikanabwerera m'kapu, nkhani yonse inagona pa mawu awiri a chizungu onena kuti osabwezera, amene maso ake ankangowadumpha pothamangira manambala.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti ana athu ambiri sagwa chifukwa cha manambala ayi, amagwa chifukwa funso lili m'chizungu ndipo saima kaye kuti adzifotokozere nkhani yake m'chilankhulo chimene amaganizira. Amangotola manambala n'kuwaponya mu fomyula imene analoweza. Ine ndinamuuza kuti funso lililonse uyambe wandifotokozera m'Chinyanja ngati ukuuza agogo ako ku Katete, ukalephera kufotokoza ndiye kuti sunalimve, cholembera chidikire.

Tinajambula ka mtengo kaja ka nthambi, tree diagram, n'kumaliza nthambi zonse. Zoyera zokhazokha ndi 3/8 × 2/7 = 6/56. Yofiira ndi yoyera apa ndi pamene ambiri amataya mamalikisi, chifukwa njira zake ndi ziwiri, ikhoza kuyamba yofiira kapena kuyamba yoyera, iliyonse ndi 15/56, ukaphatikiza 30/56. Ndinamuonetsanso kachinsinsi kamene kanandipulumutsa ine nthawi yanga, phatikiza zonse, 20 ndi 6 ndi 30 zikukwana 56 pa 56, ndiye kuti 1. Zikapanda kukwana 1 penapake waphonya, ndipo ukapeza probability yoposa 1 usapitirire n'komwe, bwerera.

Tili mkati mchimwene wake analowa foni ili m'manja, mnyamata ameneyu wayamba zobetcha mpira ndipo amayi ake zikuwadetsa nkhawa, inenso chimodzimodzi. Ndinamufunsa tiketi yake ili ndi magemu angati, anati 10. Ndinauza mlongo wake kuti tiyerekeze gemu iliyonse mwayi wolosera bwino ndi theka, 1/2, uwerengere wekha mwayi woti zonse 10 zilowe. Anachulukitsa 2 kakhumi napeza 1/1024. Mnyamata uja anati koma amalume ndaluza kasanu kotsatizana ndiye ulendo uno ndiyenera kuwina, ndinatenga khobidi ndinati ili likagwa mbali imodzi kasanu silikumbukira kanthu, ulendo wachisanu ndi chimodzi mwayi ukadali theka. Nyemba za m'kapu zimasintha mwayi chifukwa zikuchepa, khobidi silichepa. Masamu amenewa anakula chifukwa cha njuga zomwezi, mu 1654 akatswiri a masamu Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ku France ankalemberana makalata pa funso la otchova njuga lakuti ndalama zigawidwe bwanji masewera akadukira pakati. Mnyamatayo sanayankhe, koma sanatulukenso, anakhala pa benchi kumamvetsera.

Algebra sitinachedwepo. Ndinangomufunsa kuti kasitomala wina wagula vitumbuwa 3 ndi mazira 2 walipira K12, wina wagula chitumbuwa chimodzi ndi mazira 2 walipira K8, chitumbuwa ndi zingati? Asanapume anati K2, chifukwa kusiyana kwawo ndi vitumbuwa 2 basi ndipo ndalama zasiyana K4. Dzira K3. Ndinalemba 3x + 2y = 12 ndi x + 2y = 8 pansi pake ndinati zimene wachita m'mutuzo ndi zimene buku likutcha elimination, wachotsa mzere wachiwiri pa woyamba mazira n'kuchoka okha. Chimene sindigwirizana nacho ndi kaphunzitsidwe koti nambala ikawoloka chizindikiro cha = imasintha sayini, ana amaloweza ngati nyimbo kenako pa 2x = 12 amalemba x = 12 − 2. Palibe chimene chikuwoloka, ndi sikelo ngati ya ogulitsa nyama ku msika wa Soweto, chimene wachita mbali iyi uchitenso mbali inayo. Pa 2x + 5 = 17 chotsa 5 uku ndi uku, gawa ndi 2 uku ndi uku, x ndi 6, kenako bwezera 6 uja mu funso uone ngati 17 akutuluka. Dzina loti algebra lenilenilo linachokera ku liwu la Chiarabu al-jabr, kubwezeretsa, la m'buku la al-Khwarizmi wa ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo iye ankalemba zonse m'mawu, analibe x.

Pa statistics tinatenga kope la amayi ake lolembamo zogulitsa. Masiku asanu: K180, K200, K210, K220 ndi K690 tsiku limene anthu analandira malipiro. Zonse K1,500, ukagawa ndi 5 mean ndi K300. Ndinamufunsa, pa masiku amenewa ndi liti limene amayi ako anagulitsa pafupi ndi K300? Palibe. Tsiku limodzi lalikulu lakoka mean yonse kupita nayo m'mwamba, pamene median, nambala yapakati ukazindandalika kuyambira yaing'ono, ndi K210, ndipo imeneyo ndi imene ikufanana ndi tsiku wamba la kantemba. Mlongo wanga amene ankamvetsera akupimira kasitomala shuga anati n'chifukwa chake sindiwoda buledi wambiri pakati pa mwezi, amangonditsalira. Sukulu anasiyira giredi 9 koma zimenezi amazidziwa bwino lomwe. Chokhacho ndinachenjeza mwana ndi choti asaiwale kundandalika manambala asanatole wapakati, ndipo akakhala 6 kapena 8 atenge awiri apakati awaphatikize agawe ndi 2.

Pepala loyamba la masamu a giredi 12 salola kakyuleta, ndiye ndamuuza kuti mafulakishoni azichita pamanja tsiku lililonse ngakhale mafunso atatu okha, pa kantemba pomwepo kasitomala akasowa. Pondiperekeza kokwerera basi anandifunsa kuti amalume nanga zikanakhala nyemba zitatu zotulutsa, ndinati kayese undiuze, ndisanafike ndi ku Kalingalinga komwe uthenga unalowa pa WhatsApp, 5/8 × 4/7 × 3/6 = 5/28. Loweruka likubwerali tichita cumulative frequency, kuwonkhetsa ziwerengero motsatizana, ndiyenera kudzera mu tauni kukamugulira mapepala a girafu ndi rula yatsopano.