Ndiwo zimene tinkataya ndi zimene zikutidyetsa

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire. Ukangowoloka tala kukagula sopo, ndiye kuti wafika kale ku Mozambique. Amene anadutsapo pa basi akudziwa mmene pamakhalira: milu ya kabichi, kachewere, karoti, anyezi ndi tomato, yoti maso kuchita kutopa. Wapaulendo akaona zimenezo amati anthu a kuno ndi olemera. Mwina akanatsala mpaka madzulo, msika ukamatha, akanaona zimene ife timaona, zotsala zikukhuthulidwa m'ngalande, mbuzi zili pa phwando.

Malo athu ndi ochepa, munda wa chimanga wosakwana bwino maekala awiri ndi dimba la kudambo limene amayi anandisiyira. Bambo a kunyumba ndi akamwini, ndiye amakonda kuseka kuti iwo pano ndi aganyu chabe, komatu khasu lawo ndi limene limayamba kufika kudimba tambala asanatsike. Titangokwatirana tinkachita zimene aliyense amachita kuno. Kufesa tomato pamodzi ndi mudzi wonse, kuthyola pamodzi ndi mudzi wonse, kenako kukaima pamsewu kuti mavenda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre atiuze mtengo wa thukuta lathu. Venda sathamanga. Amadziwa kuti tomato wakupsa sagona masiku atatu, ndiye amangozungulira dengu lako, kudina kamodzi ndi chala, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera dzuwa lapendeka, iwe wafewa kuposa tomatoyo.

Chaka cha 2017 mbozi zija za ntchemberezandonda zinalowa m'chimanga, ndipo nkhokwe yathu sinafike ndi pakati pomwe. Pofika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kudimba madzi anaphwa, ndalama yogulira ndiwo panalibe. Agogo, amene panthawiyo anali adakali moyo, anatuma mwana kuti akatsitse chikwatu chimene chinkalendewera kudenga la khitchini yawo. Ine ndinali nditaleka kale kufutsa ndiwo, ndinkaziona ngati zachikale. Anamasula luzi, kufunyulula masamba a msuku amene anakulungira, mkatimo muli chitambe chouma bwino, chonunkhira utsi pang'ono. Anachinyika m'madzi, kuwiritsa, kuthira tomato mmodzi ndi nsinjiro zodzadza chikho. Tsiku limenelo kunali achemwali anga a ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo anadya mpaka kupukuta mbale ndi mbamu yotsiriza. Pobwerera anapempha kaphukusi. Patatha sabata anaimba foni kuti anzawo a kuntchito akufunsa ngati tingawagulitse.

Bizinesi yathu inayamba choncho, popanda dzina, popanda sitolo, ndi ngongole yaing'ono ya ku banki mkhonde imene ndinagulira mapepala a pulasitiki ndi sikelo.

Ntchito yeniyeni imagwa kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Epulo, pamene nkhwani, chitambe, khwanya ndi bonongwe zimakhala mbwee, zoti ngakhale kupatsa munthu ulele amakana. Timathyola m'mawa mame atangouma, masamba anthete okhaokha. Nkhwani umafuna kusadzula, ndipo ndi ntchito imene imadya nthawi ndi zikhadabo zomwe. Tikatsuka timaviika m'madzi owira a mchere pang'ono kanthawi kochepa chabe, tsamba lingofota, osati lipse. Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amayi ambiri a kuno. Iwo amawiritsa nthawi yaitali n'kuyanika pamphasa padzuwa, pabwalo pomwe nkhuku zikupalasa, ndiye mfutso umatuluka wakuda, wamchenga. Wakumudzi amadya, sadandaula. Koma mayi wa m'tauni akaluma kamchenga kamodzi sabweranso. Alangizi a zaulimi anationetsa kabokosi koumitsira: matabwa, sefa pansi, pulasitiki woonekera pamwamba, timabowo ta mpweya m'mbali. Bambo a kunyumba anakhoma awiri. Ndiwo zimauma msanga, ntchentche sizifika, ndipo kubiriwira kuja sikuthawa konse.

Tinalakwitsapo, ndipo ndimachitabe manyazi ndikakumbukira. Chaka china kunachita chiperoni masiku angapo otsatizana, oda ya ku Lilongwe ikudikira. Ndinakhudza masamba ndi kuona ngati auma, ndinalongedza, kumata ndi kandulo, kutumiza. Sabata isanathe zithunzi zinayamba kulowa pa WhatsApp, mapaketi onse atachita chuku choyera mkati. Mayi wina sanakalipe, anangolemba kuti, "Amayi, ndinkakukhulupirirani." Bola akanandinyoza. Ndinabweza ndalama kwa aliyense, ngongole ya ku banki mkhonde ndinachita kugulitsa nkhuku zinayi kuti nditseke. Kuyambira pamenepo tsamba lisanalowe m'paketi ndimalifinya m'manja pafupi ndi khutu. Likapanda kulira n'kufumbutuka, libwerere m'bokosi, kaya wogula akuimba kangati.

Zoluka zinalowa mwangozi. Bambo a kunyumba anaphunzira kuluka nsungwi kwa malume awo, ndipo madzulo amakhala pakhonde ndi kampeni kawo, kung'amba, kupala, kuluka malichero ogwiritsa ntchito pakhomo. Tsiku lina makatoni atasowa ndinaika mapaketi m'kadengu kawo n'kupatsa kondakitala. Wolandira anafunsa mtengo wa denguyo asanafunse za ndiwo. Lero amaluka timadengu tating'ono ta chivundikiro, mwana wathu wamkulu n'kusokerera kansalu ka chitenje mkati, ndipo mu Disembala, anthu akamafuna mphatso, timadengu timabweretsa ndalama kuposa mfutso. Iwo amangoti, "Mwaona aganyu anu?"

Ogula ena ali kutali kwambiri. Anyamata ndi atsikana ambiri a kuno ali ku Johannesburg, ndipo mabasi opita kumeneko amadzera pa Dedza, pafupi pomwepa. Kumeneko nyama ndi yosasowa, koma akuti pakamwa pamafuna chitambe chotendera. Mfutso ndi wopepuka, suonongeka m'njira, ndiye makolo awo amabwera kudzagula, kuphatikiza ndi nsinjiro zimene timasinja tokha mumtondo. Kamodzi katundu anasowa m'njira, woyendetsa n'kumaloza mnzake, mnzakeyo n'kumalozanso wina. Tinangozisiya.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, thumba la feteleza linakwera kufika poti tinangoyang'anana. Chinatithandiza ndi manyowa a Mbeya. Ife timasakaniza makilogalamu 10 a feteleza ndi ndowa ya zitosi za nkhuku zouma zosefa, ndowa ya madeya, phulusa la m'mbaula ndi madzi okwana malita 5. Timathira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga ndithu kuti mpweya usalowe, n'kusiya masiku 21. Ukamasula fungo lake limakugwetsa misozi, koma thumba limodzi logula limabala matumba angapo. N'chifukwa chake nkhuku pano sitiziona ngati ndiwo za alendo chabe. Katemera wa chitopa, wodonthezera m'diso uja, sitimulumpha. Chilala cha 2024 chitabwera chimanga chinapserera ngati kwa anzathu, koma chitambe chinapirira, ndipo ufa wa chaka chimenecho tinagula ndi ndalama ya masamba.

Tsiku lathu limatha ndi kuwerenga, ndipo izi zinayamba mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ana anga ankangoyendayenda, ndiye ndinatulutsa katoni ya mabuku akale a kusekondale, magazini a Za Achikumbi amene alangizi anatisiyira, ndi nyuzi zimene achemwali amakulungira katundu. Lamulo linali loti amene akusadzula nkhwani asamagwire buku, amene manja ake ali omasuka aziwerenga mokweza. Ana a oyandikana nawo anayamba kubwera, poyamba chifukwa cha chigumu chimene ndimaphika ndi nthochi zakupsa kwambiri, kenako chifukwa chofuna kumva mmene nkhani ya dzulo yathera. Sukulu zinatsegulidwa kalekale koma khonde silinaphwe. Nyale ya sola imene tinagula kuti tizilongedza usiku, theka la nthawi imakhala pamwamba pa buku.

Ine buku langa ndi kope la masamu, lachikuto chofiira, mmene ndimalemba chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale machesi. Kale ndinkangosunga m'mutu, n'kumadabwa kuti ndalama yapita kuti. Panopa mwana wanga wamng'ono, wa Sitandade 6, ndi amene amawonkhetsa, ine n'kumamvetsera. Dzulo anapeza kuti ndinaiwala kulemba mapaketi atatu a khwanya amene apongozi anatenga Lamlungu. Ndinamuuza kuti za agogo ake sitilemba. Anandiyang'ana, kunyambita pensulo, n'kulemba ndithu pansi pa mzere wa ngongole. Mawa m'mawa akuti apita yekha kukawakumbutsa.