Mmene ndinamangira Gee Bee R-1 ya kota nkuiulutsa

Gee Bee R-1 ndi ndege imene okonda ndege zoyendetsa ndi rediyo amaisirira kwinaku akuiopa. Anaimanga abale a Granville ku Springfield, Massachusetts, mu 1932, ndipo chaka chomwecho Jimmy Doolittle anapambana nayo mpikisano wa Thompson Trophy ku Cleveland, nkuswanso mbiri ya liwiro la ndege zotera pamtunda pothamanga makilomita pafupifupi 474 pa ola. Omanga ake anatenga injini ya Pratt & Whitney Wasp ya masilinda 9, nkuimangira thupi lalifupi lonenepa ngati mgolo, mapiko a mamita 7.6 okha, woyendetsa nkumukhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mchira. Inali yaliwiro koma yosanyengerera munthu: Russell Boardman anafa nayo pa ngozi ku Indianapolis mu 1933. Khalidwe limeneli silichoka mukaichepetsa kukhala ndege yaing'ono yoyendetsa ndi rediyo, ndiye ntchito yonse yomanga imakhala yoliweta popanda kuwononga maonekedwe amene munaikondera.

Ndinayamba ndi kusankha kukula kwake. Omanga ambiri amati ndege ndi yaikulu mapiko ake akafika mainchesi 80, kapena ikakhala kota yeniyeni ya ndege yoyambirirayo. Ine ndinasankha kota, mapiko nkukhala mamita 1.9. Ena amamanga ya gawo limodzi mwa magawo atatu, ya mamita 2.5, ndipo imauluka modekha kuposa yanga, koma imafuna injini yoposa 100cc ndi malo aakulu oisungira. Musaiwalenso malamulo a dziko lanu: ku America ndi ku Britain, ndege ikapitirira makilogalamu 25 imafuna chilolezo chapadera.

Nkhani yagona pakuti mpweya suchepa ndege ikachepa. Phiko la kota limatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a malo a phiko lenileni, ndipo la Gee Bee linali laling'ono kale. Choncho ndisanadule thabwa lililonse ndinalemba pamwamba pa pulani kuti ndege isapitirire makilogalamu 8, nkuika sikelo ya digito pambali pa benchi. Chilichonse cholowa m'ndege chinayamba chakwera pasikelopo, ngakhale mapepala a balsa, thabwa lopepuka kwambiri lomangira ndege zoterezi. Mapepala awiri ofanana kukula amatha kusiyana kulemera kuwirikiza kawiri, ndiye opepukitsitsa ndinawapatulira mchira, olimba nkupita kutsogolo.

Mchira ndiwo ndinayamba nawo, ndipo apa mpamene ndege imeneyi imapulumukira kapena kufera. Mphuno yake ndi yaifupi kwambiri. Ndege yeniyeni inkanyamula chiinjini cholemera pamphunopo, pamene injini zathu nzopepuka poyerekeza, ndiye ndege yaing'ono imakonda kulemera kumbuyo. Galamu iliyonse yowonjezera kumchira mumailipira ndi magalamu angapo a mtovu kumphuno, ndipo mtovu umenewo phiko laling'ono lija ndilo liusenze. Ndinamanga mchira wa timitengo ndi nthiti m'malo mwa thabwa lathunthu, guluu ndinkadontheza ndi nsonga ya waya, ndipo ma servo, timakina tosuntha ziwongolero, a rudder (chiwongolero cha kumchira chokhotetsa ndege) ndi elevator (chokweza ndi kutsitsa mphuno) ndinawaika kutsogolo, pafupi ndi phiko. Rudder imakokedwa ndi tizingwe tiwiri ta waya, elevator ndi ndodo ya kaboni.

Pamchira pomwepo pali mkangano pakati pa omanga. Ena amakuza mchira wopingasa kuti ndege idekhe. Ine ndinaukuza pang'ono kwambiri, moti diso silingaone, chifukwa sindipita ku mipikisano. Ngati mukufuna kupikisana, dziwani kuti oweruza amayerekeza ndege yanu ndi zojambula za ndege yeniyeni, mbali zonse zitatu, ndipo mzere uliwonse wosinthidwa umakudyerani mapointi. Maganizo anga ndi akuti kunja kukhale koona mmene kungathekere, zosintha zibisale m'kati.

Thupi ndinalimangira pa ndodo yowongoka, nkuvekapo nthiti zozungulira za pulayiwudi yopepuka, iliyonse yobooledwa pakati. Kutsogolo ndinakuta ndi timizere ta balsa, kamodzikamodzi, kalikonse kosongoledwa m'mbali kuti kagwirane ndi kanzake pa thupi lopindikalo. Ndinkamata kumanzere, kenako kumanja, mosinthanasinthana, chifukwa mukamaliza mbali imodzi yokha thupi limakhota guluu akamauma. Kumbuyo kuli timitengo titalititali tokutidwa ndi nsalu, monga inalili ndege yeniyeni. Ayironi ikadutsa, nsalu nkukungika, timizere tija timaonekera pansi pake, ndipo apo mpamene chinthucho chimayamba kuoneka ngati ndege ya 1932.

Phiko lili ndi zosintha ziwiri zobisika. Choyamba, ndinalinenepetsa pang'ono kuposa lenileni kuti lizinyamula bwino paliwiro lochepa. Chachiwiri, ndinapotoza nsonga zake madigiri 2, m'mphepete mwa kumbuyo nkukwera pang'ono. Omanga amatchula zimenezi kuti washout. Ndege ikachepetsa liwiro mopitirira, phiko limasiya kunyamula. Chimene mukufuna nchakuti liyambe kusiya pafupi ndi thupi nsonga zikadagwirabe mpweya, chifukwa nsonga imodzi ikayamba ndiyo, ndege imagudubuka mwadzidzidzi, ndipo kawirikawiri zimachitika potera, pamene palibe mtunda wodzipulumutsira. Ndinaika timatabwa toyezera pansi pa nthiti iliyonse ndisanakute phiko, nkuyeza mapiko onse awiri ndi chipangizo choyezera kupendekeka mpaka anafanana ndendende. Mawaya ochokera ku miyendo ndi ku thupi kupita ku mapiko si okongoletsa ayi, amasenza katundu, choncho pomangirira pake ndinalimbitsa ndi pulayiwudi ndi zitsulo.

Injini ndi ya petulo, 50cc, silinda imodzi, yokhala ndi pulopela ya mainchesi 22. Pulopela yaing'ono siingathandize, popeza mbali yaikulu ya mphepo yake imangomenya chivundikiro chachikulu cha injini. Injiniyo ndinaipendeketsa madigiri 2 kumanja kuti ichepetse kukokera kumanzere. Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kuziziritsa. Chivundikiro chotseguka chonchi chimaoneka ngati chikulowetsa mpweya wambiri, koma mpweyawo umadutsa paliponse pophweka nkuisiya silinda ikutentha. Ndinatseka kutsogolo ndi chithunzi cha injini ya masilinda 9, nkuboola pamalo amodzi okha moyang'anizana ndi silinda yeniyeni, nkuika timakoma tolondolera mpweya m'zipsepse zake. Potulukira mpweya pakhale papakulu kuposa polowera, kawiri kapena kuposerapo.

Za rediyo sindichulutsa. Ya 2.4 GHz, mabatire awiri a receiver (kachipangizo ka m'ndege kolandira malamulo a rediyo) oikidwa kutsogolo kuti kulemera kwawo kugwire ntchito, ma servo a magiya achitsulo, mawaya a ignition (magetsi oyatsira petulo mu injini) kutali ndi receiver, ndi switch yozimitsira injini kuchokera m'manja. Failsafe, chitetezo cha pamene rediyo yalephera, ndinaiika kuti injini izime kulumikizana kukaduka, ndipo ndinaiyesa pozimitsa transmitter (rediyo ya m'manja) injini ikulira, mnzanga atagwira ndege.

Penti ndi yoyera ndi yofiira, yofiirayo ikutsika mokhotakhota kuchokera kumphuno, nambala 11 pathupi ndi NR2100 pamapiko. Penti imalemera, makamaka yoyera imene imafuna kupaka kangapo, ndiye kumchira ndinapopera mopyapyala.

Zonse zitatha ndinafika pa kuyeza pamene ndege ikudendekera. Ndinaika chizindikiro pa kota ya m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo, thanki ilibe mafuta, ndege nkuitembenuza chagada pa timitengo tiwiri, chifukwa ndege ya mapiko apansi imayezeka bwino chonchi. Mphuno iyenera kuwerama pang'ono. Ndinasuntha mabatire mpaka pakhoma la injini, nkuwonjeza mtovu wochepa womangidwa ndi mabawuti, osati guluu. Ngati mukukayika, lemeretsani kumphuno. Ndege yolemera kutsogolo imatera mothamanga, koma yolemera kumbuyo siimvera chala chanu nkomwe. Ndinayezanso kumanzere ndi kumanja poinyamula pa pulopela ndi kumchira.

Musaulutse ndege ngati imeneyi musanazolowere ina ya mapiko apansi yokhala ndi wilo kumchira. Tsiku loulutsa ndinasankha la mphepo yochepa yowomba molunjika bwalo, ndipo pambali panga panaima mnzanga wodziwa, woti aziona zimene ine sindikuona ndi kundisinthira trim, timabatani tokonzera ziwongolero pang'onopang'ono kuti ndege iziuluka mowongoka. Tinayesa mtunda umene rediyo imafika injini ikulira, kenako ndinaiyendetsa pansi kangapo kuti ndimve mmene ikukhotera. Elevator ndinaipatsa kuyenda kochepa ndi expo, yomwe imafewetsa kuyankha kwake chala chikasuntha pang'ono, chifukwa thupi lalifupi limayankha msanga.

Ponyamuka, ndinagwira elevator m'mwamba kuti wilo yakumchira ikanikize pansi, nkumawonjeza mphamvu pang'onopang'ono. Mukakankha throttle, chowongolera mphamvu ya injini, kamodzi, ndege imakhotera kumanzere musanaphethire. Liwiro litakwera ndinamasula elevator, mchira nkudzuka, chala chili pa rudder ya kumanja nthawi yonseyo. Apa mtima umafuna kuikoka kuti ichoke pansi, koma ndinaisiya ithamange pa mawilo awiri mpaka inapepuka yokha, nkukwera mosapendekeka kwambiri. M'mwamba inandidabwitsa ndi kukhazikika kwake. Ikakhala paliwiro imayenda mowongoka, ndipo pokhota imafuna rudder pamodzi ndi ma aileron, ziwongolero za pamapiko zopendeketsa ndege. Nditaikweza kutali m'mwamba ndinachepetsa mphamvu mpaka inasiya kunyamula, kuti ndidziwe liwiro limene sindiyenera kutsikira pansi pake. Inagwedezeka, mphuno nkugwa, phiko lakumanzere nkutsika pang'ono chabe. Washout ija inagwira ntchito.

Kutera ndiko kumafuna mutu wonse. Thupi lonenepali limagwira mpweya kwambiri, moti mukatseka throttle liwiro limatha nthawi yomweyo. Ndinadutsa pamwamba pa bwalo motsika kuti ndione mmene ikutsikira, kenako ndinabwera ndi mphamvu pafupifupi kota, kutsika ndikukulamulira ndi throttle osati elevator. Inagunda ndi mawilo awiri akutsogolo mchira uli m'mwamba, ndipo apo mpamene ndinachotsa mphamvu. Mchira utatsika wokha ndinakoka elevator yonse kuti isagwe champhuno, popeza zovundikira mawilo zimakola udzu. Ngati mwabwera molakwika, wonjezani mphamvu mofatsa muzungulirenso, osaikankha mwadzidzidzi ndege ili paliwiro lochepa.

Injini itazima ndinachotsa chivundikiro nkuyeza kutentha kwa silinda, ndinakunganso mawaya a mapiko amene anali atalefuka pang'ono, nkuyendera bawuti iliyonse ya injini ndi ya miyendo. Trim imene mnzanga anasintha m'mwamba ndinaisamutsira pa ndodo zokankhira, kuti ma servo abwerere pakati ndege isanapitenso kubwalo.