Lamlungu: apongozi awaitana kukaulutsa ndege ku America

Titaweruka kutchalitchi sindinafike n'komwe kunyumba, ndinangokwera basi ya ku Lincoln, konkuno ku England. Mwana wanga anali ataimba m'mamawa kuti, "Amayi, mubwere, nkhani iyi si ya pafoni." Njira yonse mtima unali m'mwamba.

Ndinapeza ataphika kale nsima ndi nkhuku, adzukulu akulimbirana chiwindi. Nkhani inatuluka titasamba m'manja. Apongozi anga, amuna a mwana wangayu, amene amaulutsa ndege zankhondo ku RAF (gulu la asilikali a ndege la Britain), awasankha kuti akagwire ntchito ndi asilikali a ku America kwa zaka zitatu. Akakhala m'gulu la anthu akumeneko, kuulutsa ndege zawo, kumvera mabwana awo, koma yunifolomu ndi malipiro zikhalabe za kuno. Mayiko ogwirizana amasinthana anthu motere kuti tsiku la nkhondo asadzayambe kufunsana mayina.

Nkhope yawo inkachita kuwala. Anakatenga buku lawo lolembamo maulendo a ndege, lija la chikuto cholimba lakutha m'makona, nandionetsa mizere ya inki: tsiku, mtundu wa ndege, maola, usana kapena usiku. Anaika chala pa tsamba losalembedwa nati, "Amayi, apa padzalembedwa ndege imene anzanga ambiri sadzaikhudza moyo wawo wonse."

Mbiri ya zimenezi amaidziwa pamtima. Anandiuza za Robin Olds wa ku America, amene mu 1948 anabwera kuno pa kusinthana komweku, nkumaulutsa ndege za Gloster Meteor ku Tangmere, mpaka anamupatsa utsogoleri wa gulu la No. 1 Squadron, mlendo kulamulira eni dziko. Patapita zaka anadzatchuka pa nkhondo ya ku Vietnam. Mdzukulu wanga wamkulu anadumphira ndi dzina limene anaphunzira kusukulu, Tim Peake. Bambo ake anavomera: Peake anali woulutsa helikopita wa asilikali a Britain, anakakhala ku Fort Hood ku Texas kuyambira 1999 mpaka 2002 akuulutsa Apache, ndipo atabwerako ndiye ankaphunzitsa anzake helikopita yomweyo pamene Britain inkayamba kuigwiritsa ntchito. Mu December 2015 anapita m'mlengalenga nakhalako miyezi isanu ndi umodzi. Akuluakulu sananame kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo naye pobwerera kwawo sabwerera chimanjamanja.

Chimene chinandifika pamtima ndi cha 2010. Chaka chimenecho boma la Britain linasiya ndege za Harrier ndi kuthetsanso ntchito ya ndege zatsopano za Nimrod zolondera panyanja. Dziko linakhala zaka zingapo lilibe ndege zankhondo zonyamuka ndi kutera pa sitima yapamadzi. Luso lotere likagona limafa, sungalisunge m'kabati. Ndiye anatumiza anthu awo kukaulutsa ndege za F/A-18 pa sitima za America, ena kukalondera nyanja ndi a ku America, Canada, Australia ndi New Zealand. Pamene sitima yonyamula ndege ya HMS Queen Elizabeth ndi ndege za F-35B zinkayamba ntchito, ndi pamene ndege yolondera panyanja ya P-8 Poseidon inkafika ku Scotland mu 2020, anthu odziwa analipo kale. Apa ndinaona kuti si ulendo wokaona dziko.

Koma ine ndinafunsa funso la mayi: "Nanga pobwera, apongozi, mpando wanu mudzaupeza?" Anakhala kaye chete. Kenaka anayankha moona mtima, ndipo ndawalemekeza chifukwa cha ichi. Ati amene amakweza anthu pa maudindo amawerenga malipoti a chaka ndi chaka, ndipo munthu ukakhala kutali amene amakuona tsiku ndi tsiku ndi bwana wachilendo, wozolowera kalembedwe kena ndi kayamikidwe kena. Anzako otsala amakhala pamaso pa akuluakulu, akugwira ntchito za muofesi zimene zimatsegula njira ya utsogoleri. Ena amabwerako nkukwera msanga chifukwa abweretsa luso losowa. Ena amabwerako ali akatswiri a ndege imene kwawo kulibe, nkuyambanso kuphunzira yakale, anzawo atapita patsogolo. Iwo akuti ngakhale zitatero sadzadandaula, poti analowa ntchitoyi kuti aziuluka. Ndawakhulupirira.

China sanachitchule, ndinachitchula ndine, ana atapita kukasewera panja. Ndimakumbukira phokoso la mu July 2015, zitadziwika kuti oulutsa ndege a Britain amene anali m'magulu a mayiko ena anaponya nawo mabomba ku Syria, pamene nyumba ya malamulo inali itangovomereza za ku Iraq zokha. Munthu wobwerekedwa amapita kumene gulu lake lapita. Apongozi anati boma la kuno limayenera kuvomereza kaye munthu wake asanalowe nkhondo ya eni ake. Ndamva, komabe mantha anga sanathe.

Tikutsuka mbale m'pamene mwana wanga anamasuka. Iye ndi namwino, wavutikira zaka kuti afike pamene ali, ndipo chaka chino amayembekeza kuyang'anira wodi. Ku America satifiketi yake siyigwira ntchito yokha: ayenera kulemba mayeso a unamwino otchedwa NCLEX ndi kupeza chilolezo cha chigawo chimene akakhale. Anali atagwira mbale imodzi yomweyo, madzi akungotayika pampopi. "Amayi, aliyense akufunsa za ntchito ya bambo a ana. Ya ine palibe wafunsa."

Ndinabwerera naye pabalaza. Ndinawauza apongozi kuti ine sindikuletsa, mwayi wotere subwera kawiri, koma asanayankhe akuluakulu awo akhale pansi awiriwo awerengere zaka zitatu za mkazi wawo monga akuwerengera zawo. Anavomera osatsutsa. Agwirizana kuti sabata ino afufuze za mayesowo, mtengo wake, ndi ngati kuwodi angamusungire malo. Yankho likufunika mwezi uno usanathe.

Basi yomaliza inandisiya, ndagona konkuno. Mawa ndiperekeza adzukulu kusukulu ndisanabwerere.