Jini wathu, khofi wathu, pakhonde pathu

Anzanga ena akumandiseka kuti ndakalamba msanga poti masiku ano Lachisanu sindikupezeka pa bala, ine ndimangowauza kuti aise tiyeni tiwerengere limodzi. Botolo la 750ml muli mashoti 30 ngati shoti yake ndi ya 25ml. Ndiye tengani mtengo wa shoti imodzi pamalo pomwe mumakonda paja muchulukitse ka 30, kenako mawa lake mukalowe mu Chipiku kapena mu Sana mukaone mtengo wa botolo lomwelo pa shelefu, mudzandiuza nokha. Apotu sitinaike ya takisi yobwerera usiku, sitinaikenso ya anzathu aja amangotulukira raundi ikafika pa iwe koma ikafika pa iwo foni yalira, atuluka panja.

Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ma wisiki akunja aja ine ndimangowapatsa moni podutsa basi. Koma kunena zoona sindikuwasowa kwenikweni. Malawi Gin ndi jini wabwino, osati wabwino chifukwa choti ndi wathu ayi, wabwino ndithu. Funsani aliyense amene ali ndi m'bale ku UK kapena ku Joni, akamva kuti ukubwera uthenga woyamba ndi woti usaiwale Malawi Gin, Nali ndi mpunga wa Kilombero, za moni zimabwera pambuyo kkkk. Azungu obwera kunyanja anachita kumupatsa dzina lachidule, MGT, jini ndi toniki, ndiye ife eni ake tizikhala tikulimbana ndi botolo lakunja lomwe mtengo wake wakwera ndi msonkho ndi thiransipoti?

Mmene ndimapangira ine: tambula yaitali, ayisi wambiri mpaka pamwamba, osati timibulu tiwiri tomwe tisungunuke musanakhale pansi, shoti imodzi kapena ziwiri, toniki wozizira bwino, kenako ndimu. Ndimuyo musangoponyamo, finyani kaye khungu lake pamwamba pa tambula kuti kafungo kaja katuluke. Amene amakonda bulande pali Premier, nyengo ya June ndi July kukamawomba chiperoni imakhala bwino ndi jinja. Pambali mtedza wokazinga wothira mchere, kapena usipa wouma wokazinga bwino mpaka uzichita khrrr mkamwa, kambuzi pang'ono, basi zatheka.

Koma kutchipa kuli ndi malire ake abale. Masacheti boma linaletsa koma mowa uja sunapite kulikonse, unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki tija timati midoli, ndipo tina mwa ito ukayang'ana chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards palibe, komwe anapangira sikukudziwika. Zimenezo ine ayi. Chimodzimodzi botolo la dzina lodziwika lomwe munthu akukugulitsa mtengo wokayikitsa kuseri kwa galimoto, yang'anani chitsekerero ngati sichinatsegulidwepo, chifukwa mabotolo opanda kanthu aja anthu amatola n'kuthiramo zawozawo. Bola kumwa kawiri pamwezi chinthu chodziwika.

Ndalama yomwe ikutsala ija ine ndimaiponya ku khofi, ndipo apa ndiye pamandipweteka mtima. Dziko lino timalima khofi wa Arabica kuyambira kale, mbande zoyamba anabwera nazo amishoni a ku Scotland ku Blantyre cha m'ma 1878, koma m'nyumba zambiri ukati khofi akubweretsera wa m'chitini uja wosungunula, amene ukawerenga kumbuyo upeza kuti anasakaniza ndi mizu ya chomera china chotchedwa chicory. Pomwe kumapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi, ku Viphya, alimi ang'onoang'ono akuthyola khofi ndi manja yemwe amagulitsidwa pansi pa Mzuzu Coffee, ndipo wambiri amapita kunja kukamwedwa ndi anthu oti Misuku sangailoze n'komwe pa mapu. Kummwera kuli Satemwa ku Thyolo, ambiri timangoidziwa ndi tiyi poti esiteti imeneyi inayamba 1923, koma khofi alinso naye.

Anthu amaopa kuti khofi weniweni amafuna mashini odula. Bodza. Kapulanja kagalasi kaja kosefera khofi, komwe amati French press, kakukwana, ngakhale kapoto ndi sefa ya tiyi zimagwira ntchito. Masupuni akulu awiri pa kapu imodzi, madzi akawira muwaphule adikire kaye pang'ono, mukathira ali chiwirire khofi amawawa ngati mankhwala a malungo ndiye mumayamba kunamizira khofiyo. Thirani, vundulani kamodzi, vundikirani mphindi 4, sefani. Magetsi akathima pambaula zimathekanso bwinobwino, madzi sadziwa kuti awira ndi chani. Mukatsegula paketi musaisiye pakamwa pali yasa mu kabati limodzi ndi anyezi ndi sopo, khofi amakoka fungo la chilichonse, thirani m'botolo lotseka bwino muike pamthunzi. Ndipo gulani paketi yaing'ono yoti ithe msanga, yaikulu ija imaoneka yotchipa koma pofika kumapeto fungo lonse lathawa mukungomwa madzi akuda.

Shuga ndi nkhani ina. Ife a Malawi tinazolowera masupuni atatu anayi mu tiyi, ndiye tikatero ndi khofi wa ku Misuku ndiye kuti tangotaya ndalama. Yesani kaye kamodzi opanda kanthu, kapena kasupuni kamodzi, mumve kukoma kwake. Mayi a kunyumba kuno poyamba ankati zowawazo imwani nokha bambo, pano ndi amene amandikumbutsa kuti khofi watsala pang'ono.

Loweruka m'mawa khofi ameneyu amayenda ndi mbatata yowotcha kapena zitumbuwa zotentha, ine buledi ndinamusiya pa nkhani imeneyi. Masana ngati mwezi uli bwino timagula chambo, kuchicheka m'mbali, mchere, ndimu, adyo, n'kuchiika pamakala osapsa kwambiri, chifukwa moto ukachuluka khungu limapserera mkati muli mwazi. Mpunga wa Kilombero sufuna zambiri, fungo lake lokha aneba amadziwa kuti kwaphikidwa chani. Mwezi ukavuta ndi nkhwani wotendera ndi nsima, palibe amadandaula.

Anzanga ondiseka aja awiri ayamba kale kumabwera Loweruka madzulo. Lamulo ndi limodzi, aliyense azibwera atanyamula kanthu, kaya toniki kaya ayisi kaya nyama yowotcha, ndipo amene wabwera pagalimoto n'kumwa makiyi amasiya kwa mayi a kunyumba, abwerere pa kabaza galimoto adzatenge mawa.